Zimene Ndinaononga ndi Manja Angawa

Mpanshya
Lachinayi masana

Taonga mwana wanga,

Ndikulemba ndili pa tebulo lathu la ntchito mu shopu. Malaiti apita kuyambira m'mawa, ndiye palibe chimene ndingawotcherere, ndipo iwe wapita kwa azakhali ako kukalukitsa tsitsi ndi kukatsanzika. Mawa ukwera minibasi yoyamba ya ku Lusaka, kenako basi ya ku Kitwe. Sabata ino ndayesa kawiri kuti ndikukhazike pansi tikambirane, koma ulendo uliwonse ndimangothera kukufunsa ngati walongedza chaja. Umandidziwa, pakamwa panga mpolemera. Ndiye ndati ndilembe. Kalatayi ndiyiika m'chikwama cha laputopu yako. Usaiwerengere m'basi. Ukaiwerenge utafika, utadya, utakhala pansi.

Ku koleji akakuphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta, zinthu zimene ine ndimangosuzumira kuseri kwa phewa lako. Ine sukulu ndinalekezera giredi naini. Kamene ndikudziwa ndinakadziwa poononga katundu wa anthu ndi kudzipweteka ndekha, choncho zimene ndingakupatse ndi zolakwa zangazo. Zina unazimvapo kale. Chimodzi sunachimvepo.

Usanabadwe, ine ndi amayi ako titangotha chaka m'banja, mphunzitsi wina anandibweretsera TV ija ya chimsana chachikulu. Ndinaizula ku malaiti, n'kutsegula kumbuyo, n'kulowetsa dzanja ngati ndikutola dzira m'chisa. Sindinkadziwa kuti muli kapasita, kachitini kamene kamasunga moto ngakhale waya utazulidwa. Ndinangozindikira ndili pansi, msana utagunda chitseko, m'kamwa mukumveka ngati ndanyambita chitsulo. Amayi ako anali panja akusenda nshawa. Analowa, anandiyang'ana, anayang'ana TV ija, kenako anatola sikuludiraiva wanga n'kukamubisa masiku atatu. Pondibwezera anangoti, "Tsiku lina mukafuna kufa muziyamba mwandiuza, ndisavutike kuphika." Chipsera cha pa chala changa chachikulu chimene unkakonda kuchikanda uli wamng'ono n'cha tsiku limenelo. Choncho usakhulupirire kuti chinthu chazima chifukwa choti chakhala chete. Zula waya, chotsa batire, tulutsa moto wa m'kapasita, ndipo yeza ndi mita yoyezera moto usanagwire. Batire ya foni ikatupa usaiboole kapena kuipinda, itulutse panja. Ndipo paja unandiuza kuti mapulogalamu nawonso amakhala ndi malo oyesera ndi malo enieni amene anthu akugwiritsa ntchito. Usanadine kanthu, yang'ana kawiri kuti uli kuti.

Uli ndi zaka zinayi, anandiitana ku kachipatala kena kakang'ono kupitirira Shikabeta. Filiji ya sola yosungira katemera wa ana inali itazima. Ndinapalasa njinga theka la tsiku, fumbi mpaka m'mano. Namwino wa kumeneko, ba Mwale, anali yekha pa chipatalapo, ndipo anandiuza kuti Lachisanu kukubwera amayi a midzi yonse yozungulira ndi makanda awo, ndiye filiji ikakhala yozima tsiku linanso, katemera yense aonongeka. Ndinachita phuma. Ndinasintha fyuzi, ndinasinthanitsa mabatire awiri, ndinamasula mawaya a kabokosi koyendetsa sola n'kuwamanganso, zonsezi nthawi imodzi. Filiji inalira. Ba Mwale anaomba m'manja, anandiphikira tiyi, ine n'kukwera njinga ndikuimba mluzu. Sindinadikire ngakhale ola limodzi. Mawa lake filiji inazimanso, ndipo pamene uthenga unkandipeza, katemera anali atatentha kale. Nditafikanso Lachisanu lija ndinakumana ndi amayi aja m'njira akubwerera, ana kumsana, ena atayenda kuchokera mbandakucha. Anandipatsa moni mwaulemu chifukwa sankadziwa kuti ndine ndani. Vuto lenileni linali laling'ono kwambiri. Pamutu pa batire imodzi panali patamera dzimbiri lija lotuwa ngati ufa, ndipo waya ankangokhudza pang'ono. Tsiku loyamba lija ndinangomugwedeza mwangozi, ndiye anagwira kwa kanthawi. Ndikanayamba ndi mita, n'kutsata moto kuchokera pa sola mpaka pa filiji, ndikanachipeza madzi a tiyi asanawire. Ba Mwale sananditukwane. Anangondifunsa kuti mwa zitatu zimene ndinasintha zija, chimene chinali chitaonongeka chinali chiti.

Ndiye tamvera, Taonga. Yamba ndi zinthu zopusa: kodi moto ukufika, kodi waya walowa, kodi fayilo imene ukusinthayo ndi yomweyo imene ikuyenda. Sintha chinthu chimodzi, yesa, lemba, kenako china. Chinthu chikayamba kugwira ntchito koma iwe osadziwa chifukwa chake, sunachikonze, changokuchitira chifundo. Usanyamuke. Khala pomwepo mpaka udziwe. Ndikubwereza chifukwa ndikudziwa magazi ako, ndi anga omwe: chinthu chimodzi nthawi imodzi.

Ba Ng'andu, aphunzitsi ako a masamu, anakuuzapo mwina kuti ine ndi iwo tinakhala mwezi osalankhulana. Anabwera ndi laputopu yawo yatsopano akudandaula kuti imazima yokha akamalemba mayeso a ana. Ndinaisunga mu shopu muno sabata yathunthu, ndikuiyatsa m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo sinazime ngakhale kamodzi. Ndinawabwezera n'kuwauza kuti ilibe vuto. Patapita masiku awiri anabweranso nayo. Apa ndinalankhula mwamwano, ndinati mwina ndi iwo amene sakuidziwa bwino, pamaso pa anthu amene ankadikira mafoni awo. Ananyamula laputopu yawo n'kumapita. Amayi ako atamva anandifunsa ngati ndinapitako kunyumba kwa aphunzitsiwo kukaona m'mene amaigwiritsira ntchito, ndipo ndinati ayi, ndilibe nthawi. Iwo anati nthawi yonyoza mayi wophunzitsa mwana wathu ndinaipeza. Patatha mwezi ndinapita. Ndinapeza kuti ba Ng'andu, pofuna kuteteza tebulo lawo kuti lisakandike, ankaika laputopu ija pa katsamiro kofewa, pamwamba n'kuyala kansalu koluka. Timabowo tonse totulutsira mpweya tinkatsekeka, makina n'kutentha, n'kudzizimitsa okha. Kwa ine inkakhala pa thabwa, n'chifukwa chake sinkazima. Ndinachotsa katsamiro kaja, ndinapepesa, ndipo kupepesako kunali kovuta kuposa kukonzako.

Anzako ku koleji udzawamva akunena kuti kwa iwo pulogalamu ikuyenda bwino, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Iwe usadzanene zimenezo kwa munthu amene wabwera kudzadandaula. Pita kumene chinthucho chikufera. Funsa kuti chinayamba liti, chimachitika nthawi yanji, chinasintha n'chiyani tsiku limenelo. Muuze munthuyo achite pamaso pako zimene amachita ali yekha, ndipo iwe manja m'thumba, ungoyang'ana. Anthu sanama kawirikawiri za makina awo, amangosowa mawu ake. Ndipo usachititse munthu manyazi chifukwa sakudziwa zimene iwe ukudziwa. Usaiwale zimenezi, makamaka ukadzayamba kudziwa zambiri.

Chaka chotsatira ndi chimene amayi ako anadwala. Unali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zambiri ukuzikumbuka wekha, sindizibwereza. Titaika maliro, abale atabalalika, unayamba kukana kukhala m'nyumba wekha ukaweruka ku sukulu. Unkabwera mu shopu ndi yunifomu, n'kukhala pa kampando kaja ka pakona. Tinkatha masana onse, iwe ukusankha tizomangira m'zitini, ine ndikuwotcherera. Anthu ankati ndikukulera ngati mwana wamwamuna, azakhali ako anafuna kukutenga, koma ndinakana. Ndinkati ndikukana chifukwa cha sukulu yako. Zoona zake n'zakuti sindikanatha kukhala mu shopu muno popanda phokoso la zitini zija.

Ndi iwe amene unayambitsa kope lathu. Unaona ndikuvutika ndi wailesi ya mtundu umene ndinali nditakonzapo kale miyezi iwiri m'mbuyomo, ndikuyesa kukumbuka kuti ndinatani, ndiye unang'amba masamba otsala m'kope lako la sayansi n'kulemba pamwamba kuti: chinabwera bwanji, tinayesa chiyani, chinali chiyani. Ndinaseka, ndinati mutu wanga ndi kope lokwana. Lero makopewo alipo asanu ndi limodzi, ndipo theka la ntchito zanga ndimazipeza m'menemo. Ukafika, gula kope. Lemba ngakhale zimene sizinagwire ntchito, chifukwa zimenezo ndi zimene munthu amabwereza. Usanamasule chinthu, chijambule ndi foni kuti udziwe waya wofiira anali pati. Usanasinthe pulogalamu imene ikuyenda, sunga m'mene inalili, kuti ukasokoneza ukhale ndi kobwerera.

Uli giredi leveni, ba Ng'andu omwewo anakupempha kuti uwapangire kapulogalamu kosungira mayina a ana ndi magiredi awo. Unavutika nako tchuthi chonse, ukuphunzira pa foni, ukukwera pa kachulu kaja kuseri kwa msika kumene netiweki imagwira. Kanayenda bwino ndi mayina amene unkayesera, a Banda, a Phiri, a Lungu. Tsiku loti ukawaonetse, anati ayambe kulemba dzina lawo lomwe, ndipo kapulogalamu konse kanagwa, pa sikirini n'kudzaza mawu ofiira a Chingerezi. Unabwera ku shopu maso atatupa. Ine ndinakulangiza zolakwika. Ndinati laputopu yawo yakalamba, mwina ili ndi vairasi, tiifufute yonse tiyambe pachiyambi. Chifukwa ine mawu ofiira amenewo ndinkangowatseka osawawerenga, ndinkawaopa monga m'mene ndimaopera kalata yochokera ku boma. Iwe unakana. Unakhala pansi n'kuyamba kuwawerenga mokweza, liwu limodzi limodzi, chala chili pa galasi. Pamzere wachitatu unaima, n'kuti, "Atate, ikunena kuti yasokonekera pambuyo pa Ng. Ndi kachizindikiro ka m'dzina lawo." Kachizindikiro kaja ka pamwamba, kamene timalemba mu ng'ombe ndi ng'oma, kompyuta inkakatenga ngati mapeto a mawu, ndiye zotsalazo inkaziyesa lamulo. Unakonza tsiku lomwelo, ndipo unandifotokozera kuti njira imene unayamba nayo ikanalola ngakhale munthu wa mtima woipa kufufuta magiredi onse polemba mawu ena m'malo mwa dzina. Ndikanakhala kuti ndinafufuta laputopu ija, ndikanataya mayeso awo a zaka zitatu, vuto lili pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga uthenga uliwonse umene makina andilembera, ngakhale ndi Chingerezi changa chothyokachi. Nawenso usadzasiye. Werenga wonse, kuyambira pamwamba. Ukamafunsa kwa ena, ukopere ndendende m'mene walembedwera, unene chimene umafuna kuti chichitike, chimene chachitika, ndi zimene wayesa kale. Munthu wofunsa motero amathandizidwa msanga. Ndipo funsa ndithu. Kumeneko ukapeza ana a m'tauni amene anagwira kompyuta asanamere mano, olankhula Chingerezi chothamanga ndi Chibemba chimene iwe sukuchimva bwino, ndiye udzafuna kukhala chete kuti asakuone ngati wa kumudzi. Safunsa anadya phula. Tsiku limodzi la manyazi siliposa mwezi wa kuvutika wekha.

Chinanso. Chilichonse chimene udzapange, udzachiyese ndi mayina a kwathu. Udzachiyese pa foni yaing'ono yosweka galasi, yodzaza zithunzi, batire itatsala pang'ono. Udzazimitse netiweki pakati pa ntchito uone ngati zimene munthu analemba zisochera, ndipo udzazule malaiti mwadala. Amene amalemba mapulogalamu ambiri sanakhalepo malo onga kuno, n'chifukwa chake alimi amabwera mu shopu muno ndi mafoni amene kachizindikiro kake kakungozungulira, fomu ya feteleza itafufutika kachitatu. Iwe ukudziwa kumene ukuchokera. Usadzapange chinthu chimene azakhali ako sangathe kuchigwiritsa ntchito ali m'munda.

Ntchito yathuyi ili ndi msampha wina umene sindinauone mpaka nditakodwamo. Makina safunsa kuti uli bwanji, ndiye munthu wosweka mtima amawakonda. Amayi ako atapita ndinasiya kupita ku mapemphero a mphakati, ndinasiya kukhala pa benchi la pamsika ndi anzanga, ku misa ndinkafika mochedwa n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe, chifukwa kwaya inkaimba popanda mawu awo. Anthu anayesa kundiitana chaka chimodzi, chachiwiri, kenako anatopa. Lero amene amalowa pakhomo pano ndi okhawo amene chinthu chawo chafa, ndipo chikadzuka amapita. Sindikuimba mlandu munthu, ndinadzitsekera ndekha. Tsopano iwe ukupita, ndipo dzulo pamene ndimagula ndiwo ndinazindikira kuti sindikudziwa kagulidwe ka munthu mmodzi. Sindikunena izi kuti udandaule kapena ubwerere. Ndikunena kuti usatengere ine. Vuto likakukanika kwa maola awiri, tseka laputopu, tuluka, kadye ndi anzako. Mayankho ambiri ine ndinawapeza ndikupalasa njinga, osati nditaweramira tebulo. Peza tchalitchi Lamlungu loyamba lomwelo, usadikire kuzolowera. Munthu akakuitana kwawo, pita.

Tsopano nkhani imene ndaisiya kumapeto chifukwa ndikuiopa. Ndadzuka kawiri pampando pano, ndasesa mu shopu mopanda zinyalala, koma ndiyenera kuilemba.

Ukukumbuka kuti masabata awo omaliza m'chipatala, amayi ako anajambula mawu m'foni yawo. Anakuuza okha kuti akusiyira mawu, ndipo udzawamve tsiku limene udzachoke pakhomo kupita kutali. Kwa ine anati ndisunge foniyo, ndidzakupatse tsiku limenelo. Tsiku lake ndi mawa, Taonga, ndipo ndilibe choti ndikupatse monga anafunira. Iwe umadziwa kuti foni ija inafa ndi madzi. Uli ndi zaka khumi ndi zitatu unkaitenga m'kabati kuti uone zithunzi zawo, ndipo masana ena unaisiya pawindo, mvula n'kugwa. Patapita masiku angapo inayamba kukana kuyaka, inkangoima pa chizindikiro choyamba chija. Ndinakuuza kuti madzi analowa ndipo zonse zapita. Unalira, n'kunena kuti, "Ndine ndinaisiya pawindo." Ine sindinakutsutse.

Madzi sanalowe. Nditaitsegula, kapepala kaja ka mkati kamene kamafiira kakakhudza madzi kanali koyera. Panalibe dzimbiri paliponse. Linali vuto wamba la pulogalamu ya foni, limene ndinali nditakonzapo kambirimbiri pa mafoni a anthu. Ndiye m'mawa wina iwe uli ku sukulu ndinailumikiza ku kompyuta kuti ndiifulashe, ndiye kuti kufufuta zonse za mkati n'kuikamo pulogalamu yatsopano. Ndinkafuna kuti ukamabwera uipeze ikuyaka, usangalale. Ndinali wotsimikiza kuti mawu aja ali pa memore kadi, chifukwa ndine ndinawaikira kadiyo m'foni. Kompyuta inandifunsa ngati ndikutsimikiza, inandichenjeza kuti zonse zifufutika, ndipo ndinadina kuvomera osawerenga n'komwe. Foni inayaka bwinobwino. Nditatsegula kadi ija ndinapezamo zithunzi ndi nyimbo ziwiri za kwaya basi. Mawu amene anakujambulira maulendo asanu ndi awiri anali m'foni mwenimwenimo. Kutulutsa kadi, kuilowetsa mu kompyuta ndi kuona zimene zilimo kukananditengera mphindi imodzi. Mphindi imeneyo sindinaipeze.

Kenako ndinalakwitsanso kachiwiri, chifukwa cha mantha. Ndinayamba kuika m'foni yomweyo timapulogalamu tobwezeretsa zofufutika, kamodzi, kawiri, kasanu, osadziwa kuti chilichonse chatsopano chimene ndikuikamo chikukhala pamwamba pa malo amene mawu aja anali, n'kuwapondereza. Ndikanaizimitsa nthawi yomweyo n'kupita nayo kwa odziwa ku Lusaka, mwina ambiri akanapulumuka. Pamene ndinkamva nsapato zako panja, ndinachotsa batire, ndinaiponya m'dirowa, ndipo utafunsa ndinanena za madzi. Linali bodza lokonzeka kale, unali utandipatsa wekha. Ndinaona m'mene unasiyira kutsegula mawindo a m'nyumba, ngakhale mwezi wa Okutobala kukutentha. Ndinaona m'mene unkathamangira kunyumba mitambo ikangoda. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakuyang'ana ukusenza mlandu wanga, ndipo tsiku lililonse ndinkati ndikuuza mawa. Ndinkaopa kuti ukadziwa usiya kubwera pa kampando kaja, ndipo ndinalibe wina.

Malangizo a apa ukuwaona wekha, koma ndiwalembabe chifukwa ndinawagula modula. Usanakonze chinthu chilichonse chosunga zinthu za munthu, yamba wakopera zonse pamalo ena, kenako tsegula zimene wakoperazo uone ndi maso ako kuti zilimo. Kuganiza kuti zilimo sikokwanira. Chinthu cha mtengo wapatali chikhale malo atatu, ena a iwo kunja kwa nyumba. Makina akakufunsa ngati ukutsimikiza, chotsa dzanja, werenga. Ukafufuta chinthu mwangozi, zimitsa pomwepo, usaikemo kanthu, pita kwa wodziwa. Ndipo ukaononga, nena tsiku lomwelo, kwa mwini wake, ndi pakamwa pako. Udzaononga ndithu, aliyense wogwira ntchitoyi amaononga. Koma usadzalole kuti wina asenze.

Mawu a ulendo woyamba okha ndi amene ndinawamva, chifukwa ndine ndinagwira foni tsiku limenelo. Anali masana, mu wodi mukutentha, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono. Anati usamadye uli chiimirire ngati atate ako. Anati ukamaimba usamabise mawu ako kumbuyo kwa anzako, chifukwa anakumva ukuimba wekha potsuka mbale ndipo mawu uli nawo. Anati tsitsi lako ndi lolimba ngati lawo, usalimbane nalo ndi mankhwala. Kenako anaseka chifukwa mayi wa pabedi loyandikana ankamvetsera, ndiye anandituma kukagula malalanje kuti atsale okha polankhula nawe m'foniyo. Maulendo ena asanu ndi umodziwo anajambula okha masiku otsatira. Sindinawatsegule, ndinkati ndi ako. Zimene ananena sindikuzidziwa, ndipo palibe amene akuzidziwa.

Chaka chatha, pamene ndinakuuza kuti ndikupita ku Lusaka kukagula magalasi a mafoni, ndinapita ndi foni ija kwa munthu wina amene ntchito yake ndi yofukula zofufutika. Anakhala nayo masiku anayi. Anapeza kachidutswa kamodzi kokha, ka masekondi khumi ndi limodzi, poyambira pa mawu oyamba aja. Mukumveka bedi likulira, kenako iwo akundifunsa kuti, "Yayamba? Ndilankhule manje?" Ine ndikuyankha kuti inde. Akukonza pakhosi, n'kuti, "Taonga, ndine amayi ako." Pamenepo pakuthera. Munthu uja anandiuza kuti palibenso china chimene chingatuluke, ndiye usadzivutitse kuyembekezera.

Kachidutswako ndakaika pa fulashi yaing'ono yakuda imene ndaimata kumapeto kwa kalata ino. Kalinso pa kompyuta ya mu shopu, ndiponso pa kadi imene ndasungitsa kwa azakhali ako m'envelopu yomata, iwo sakudziwa kuti muli chiyani. Ine ndakamvetsera kamodzi kokha.

Ukawerenga izi mwina sudzafuna kumva mawu anga kwa kanthawi. Ndidzamvetsa, ndipo sindidzakuvutitsa ndi mafoni. Ungonditumizira uthenga wa liwu limodzi kuti wafika bwino, zinazo ndidzadikira. Disembala ukadzafuna kufikira kwa azakhali ako m'malo mwa kuno, ndidzabwera kudzakuona komweko, ukadzandilola.

Malaiti abwera tsopano, filiji ya a pafupi yayamba kulira, ndipo ndikukumva kumsewu ukupatsana moni ndi amayi ogulitsa tomato, ndiye ndipinde pepalali usanalowe. Chikwama chako chachikulu zipi yake ndaikonza. Mankhwala a malungo ali m'thumba la m'mbali. Uvale juzi, m'mawa pa msewu waukulu pamazizira.

Kuchipinda kwako ku Kitwe ukatsegule mawindo, mwana wanga. Pawindo paja sunalakwe kanthu.

Ndine atate ako.